Achemwali Anapita ku Mgonero Ataberekedwa

Achemwali anga a Martha anali munthu wovuta kukhala naye nyumba imodzi, chifukwa sankalakwa. Munthu wolakwa mumakangana naye lero, mawa n'kuseka. Koma iwo ankalawira m'mamawa, kusesa pakhomo, kupita kukasesa kutchalitchi ku Limbe, pobwerera n'kudzera kwa odwala, ndipo akamafika kunyumba n'kuti ine ndikuyasamula pamkeka. Sankandinena. Ankangondiyang'ana, ine n'kumadzimva ngati ndaba nkhuku ya eni.

Ku Chinyonga kunalibe mayi amene anapita kumanda osadutsa m'manja mwawo. Ankasambitsa mitembo, ankaphika pamaliro, ndipo ankatsogolera Mvano, gulu la amayi a mpingo wathu ovala bulauzi yoyera ndi duku loyera. Nsalu zoyera zoyala pamabenchi tsiku la Mgonero ankachapa okha, osalola wina kuzikhudza. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti Mulungu ali ndi maso, ndipo munthu asakaonekere kwa Iye chimanjamanja. Ine Annie, mng'ono wawo, ndinali Mkhristu wa benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko pamene pamapita mphepo. Ndili ndi chifuwa cha mphumu, chomwe chinandichotsetsa ntchito yolera ana a azungu ku Sunnyside, komanso ulaliki ukatalika ndimawodzera.

Kuseri kwa mpanda wathu wa udzu kunkakhala Magdalene, mkazi wa January. Makolo ake anachokera kudziko la Apwitikizi kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi, iye n'kubadwira konkuno. Anali wamtali, wa mapewa aakulu, wosachulutsa mawu. Naye anali wa Mvano, ndipo tsiku limene analowa, bulauzi anamuveka ndi achemwali anga omwewo. January ankakonza njinga pakhonde la sitolo ina ku Limbe.

Chaka chimene boma linagwira anthu okana Chitaganya, January naye anamutenga kukamutsekera ku Kanjedza. Mpaka lero sindidziwa ngati anali wa chipani cha Kongeresi kapena ankangowakonzera njinga. Ana anayamba kugona ndi njala, ndipo Magdalene anayamba kutcheza kachasu kuseri kwa nyumba. Utsi sumva za mpanda, unabwera mpaka pakhonde pathu. Achemwali anamupititsira ufa kaye, kenako anamuchenjeza, kenako anakanena kwa akulu a mpingo. Akuluwo anamudula, ndiye kuti sakanalandiranso Mgonero kufikira atasiya mowawo ndi kulapa. Bulauzi anakailanda ndi achemwali. Magdalene anali ataichapa kale, ataisita, ataipinda bwino, ndipo anaipereka ndi manja awiri atagwada.

Ine ndinakwiya, ndinawauza kuti ana aja sadya malamulo. Iwo anayankha kuti nawonso zikuwapweteka, koma choipa sichisanduka chabwino chifukwa munthu ali ndi njala. Ndipo ndikudziwa kuti zinkawapwetekadi. Ndi zimene zinkandisowetsa pogwira pokangana nawo.

Chaka chotsatira, dzuwa litayamba kuwotcha, achemwali anagwa akuyanika zovala. Kuchipatala anakhalako ndithu, ndipo anabwerako atafa mbali yonse ya kumanja. Dzanja lamanzere linkanjenjemera moti supuni sinkafika pakamwa ili ndi kanthu. Mlomo unapotoka, mawu ankatuluka olemera. Dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti matendawa amabweranso, ndipo akabwera kachiwiri sasiya munthu. Amuna awo anali atamwalira kalekale. Mwana wawo Ellard anali ku Halale, anatumiza bulangete ndi mawu akuti abwera akapeza tchuthi.

Amayi a Mvano ankabwera Lachinayi. Ankaimba, ankapemphera, ankasiya nkhuni ndi ufa, ndipo sindiwanena zoipa. Koma wodwala sadziipitsira Lachinayi lokha. Masiku enawo ndinkatsala ndekha ndi munthu wamkulu thupi kuposa ine, chifuwa chikulira ngati mwana wa mphaka. M'mawa wina ndikuwakokera kubafa ndinaterereka, tonse awiri tinagwa m'matope a sopo, iwo pamwamba ine pansi. Sindinathe kukuwa, mpweya unali utandithera. Ndinangomva udzu wa mpanda ukuthyoka. Magdalene analowa osaodira, anawanyamula, anawakhazika pampando, n'kutenga chinkhupule kupitiriza pamene ndinasiyira.

Achemwali anatsinzina kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Magdalene atachoka, anandiuza kuti ndimuuze asadzabwerenso. Ndinawafunsa kuti nanga adzawanyamula ndani, a Ellard a ku Halale? Mawa lake Magdalene anabweranso, mkuja chimodzimodzi, ndipo pampanda paja panasanduka khomo. January anali atatuluka nthawi imeneyo, koma wodwaladwala, malo ake pakhonde paja atatenga wina. Choncho kachasu sanaleke, ndipo manja amene ankasambitsa mtsogoleri wa Mvano ankanunkha utsi ndi matokoso a mowa.

Ululu wa m'thupi achemwali ankaupirira. Chimene chinkawadya ndi mantha. Poyamba ankafunsa kuti kutchalitchi akusesa ndani, nsalu za Mgonero akuchapa ndani. Atamva kuti ena akuchita ndipo tchalitchi sichinagwe, analeka kufunsa. Anayamba kunena kuti Mulungu wawachotsa ntchito monga mzungu achotsera wantchito amene sanamukhutiritse. Ntchito zawo zikanamukondweretsa, amati, sakanawalanda manja. Ndipo tsopano panalibe njira yowonjezera pa zimene zinaperewerazo. Ankakumbuka maliro amene anafika mochedwa, wodwala amene anamulonjeza phala n'kuiwala, zinthu zimene ine sindikanazitcha n'komwe machimo. Masana dzuwa lili ng'a, ankandigwira mkono ndi dzanja lonjenjemera lija.

“Annie, ndikakafika kumeneko ndikanena chiyani?”

Ndinayesa nthabwala. Ndinati ngati iwo sakalowa, ndiye kuti ine ngakhale msewu wake sindidzauona. Sanaseke. Maso awo anali a munthu amene waona njoka m'nyumba koma sangathe kudzuka. Pamenepo mantha anandigwira inenso. Kuti amwalira ndinali nditavomera kale mumtima. Chimene sindinkafuna n'chakuti mkulu wanga, amene anatseka maso a anthu ambirimbiri akuwauza kuti asaope, apite akunjenjemera chonchi.

Mgonero utayandikira, kunabwera a Morris, mkulu wa mpingo wa dera lathu, kalaliki wa kunjanji. Mwambo wake ngwakuti mkulu amayendera Mkhristu aliyense, amamufunsa za moyo wake, n'kumusiyira khadi loti akapereke kutchalitchi tsiku la Mgonero. Wopanda khadi sakhala pagome. A Morris anati poti achemwali sayenda, abusa akhoza kubweretsa Mgonero kunyumba. Achemwali anakana. Anati sanalandirepo Mgonero atagona chagada ngati waulesi, ndipo kaya kunyumba kaya kutchalitchi, alibe choti apite nacho.

A Morris anakhala pampando, anavula chipewa, n'kufotokoza bwinobwino, chala chili m'Baibulo. Anati chipulumutso si malipiro a kumapeto kwa mwezi, ndi mphatso. Anati ntchito zabwino ndi zikomo wa munthu amene walandira kale, si mtengo wogulira. Analankhula zomveka, ngakhale ine sindinawodzere. Achemwali ankangogwedeza mutu, pakuti mawu omwewo iwo anaphunzitsapo ana a kalasi yolowera mpingo zaka zambiri. A Morris atapita, anati mawu amenewo ndi a mbava zolapa pomwalira, koma munthu amene anapatsidwa manja adzafunsidwa za manjawo. Khadi linatsala pazenera. Magdalene anali panja akufinya nsalu, ndipo anamva zonse.

Lamulungu la Mgonero anabwera molawirira. Anawasambitsa, anawadzoza mafuta, kenako anandiuza kuti nditulutse bulauzi yawo yoyera ndi duku. Ndinaganiza kuti akufuna kungowasangalatsa, akhale pakhonde atavala bwino azimva belu patali. Achemwali nawo anaganiza chomwecho, sanalimbane naye. Koma atawaveka, Magdalene anatenga nsalu ziwiri, anazimanga pamodzi, anagwada kutsogolo kwa mpando atawafulatira, n'kundiuza kuti ndiwakankhire kumsana kwake. Ndisanamvetse chimene ndikuchita, anali atadzuka nawo, nsalu atamanga pachifuwa monga tiberekera mwana.

“Ukupita nane kuti?” anafunsa achemwali.

“Ku Mgonero, mayi.”

“Sindikupita. Nditsitse.”

“Tsikani, ngati mungathe.”

Mulungu andikhululukire, ine ndinaseka. Ndinatola khadi lija pazenera n'kuwatsatira.

Kuchokera ku Chinyonga kufika ku Limbe si pafupi kwa munthu wobereka mayi wamkulu. Dzuwa linali litakwera kale, fumbi lili kobo. Anthu opita kutchalitchi ankapatuka n'kuima. Bambo wina wa panjinga anacheuka mpaka analowa m'ngalande. Galimoto ya apolisi inachepetsa liwiro, mzungu wa m'katimo anatiyang'ana, n'kupitirira. Achemwali anaumitsa thupi lonse, mutu ataukweza kuti usakhudze phewa la Magdalene, misozi ya manyazi ikutsika mbali yamoyo ya nkhope. Ankanena zambiri zosamveka bwino, koma ndinamvapo zakuti anthu aona, ndi zakuti iwo sanaberekedwepo chichokere kumsana kwa mayi athu. Magdalene akatopa ankagwira mtengo ndi manja awiri, n'kuwerama, kupuma, osawatsitsa. Ine ndinkabwera m'mbuyo ndi chifuwa changa, ndipo ndikanakhala ndi amene akanandibereka sindikanakana.

Tinafika ulaliki uli pakati. Titalowa, mitu yonse inatembenuka, ndipo abusa Mwanakombo, nkhalamba ya mawu otsika, anaima kaye mpaka titapeza pokhala. Ulaliki utatha, inafika nthawi imene ana, a kalasi ndi odulidwa amatuluka, akulu n'kutolera makhadi, otsalawo n'kusendera kumabenchi oyalidwa nsalu zoyera. Magdalene anawanyamula achemwali kuwakhazika pabenchi lakutsogolo, malo awo a masiku onse. Anawakonza duku, n'kuchotsa mkono wake kuti azituluka. Pomwepo achemwali anayamba kupendekera kumbali yakufa ija. Ndinawakoka, koma anandikoka ndi iwo, ndipo tikanagwa tonse pamaso pa mpingo Magdalene akanapanda kubwerera msanga.

A Morris anabwera n'kumunong'oneza kuti lamulo akulidziwa. Iye anati akulidziwa, angomuonetsa woti awagwire, atuluka. A Morris anayang'ana amayi a Mvano. Amene anali pafupi anali okalamba okhaokha, ndipo aliyense anayang'ana pansi. Ndiye a Morris anayang'ana abusa.

“Asiyeni,” anatero abusa. “Akatuluka amenewo, mayi Martha agwa.”

Motero Magdalene anakhala kumapeto kwa benchi, nsalu yake ya kunyumba itanyowa thukuta, pakati pa zoyera zokhazokha. Achemwali anatsamira pa iye, ine ndinakhala mbali inayo. Chitseko chinatsekedwa, m'tchalitchi munati zii.

Kwathu Mgonero sulandiridwa m'manja mwa abusa. Mkulu amapereka mkate kwa amene ali kumapeto kwa benchi, iye amanyema kachidutswa n'kupatsira mnzake, mnzakeyo winanso, mpaka benchi lithe. Chikho chimayendanso chimodzimodzi. Aliyense amalandira kwa amene wakhala naye pafupi. A Morris anafika ndi mkate n'kupeza kuti wakumapeto ndi Magdalene. Anamudumpha, anaulozetsa kwa achemwali. Iwo anatukula dzanja lamanzere, linanjenjemera, linagunda mbale, mkate unatsala pang'ono kugwa pansi. Anayesanso, zala zinakana kutseka. A Morris anaima pamenepo thukuta lili kamukamu, kenako anatembenuza mbale ija n'kuipereka kwa Magdalene.

Ndinaona zala zake zikunyema mkatewo. Zinali ndi zipsera za moto wa mowa, zikhadabo zakuda ndi mwaye umene sopo sachotsa. Anabweretsa kachidutswako pakamwa pa achemwali. Iwo anatseka milomo.

Tchalitchi chonse chinadikira. Mabenchi akumbuyo sakanalandira benchi lathu lisanathe. Ndinkamva mpweya wanga womwe ukulira m'chifuwa, ndi njiwa padenga la malata. Achemwali anayang'ana mkatewo, anayang'ana manja awo ali pamiyendo opanda ntchito, ndipo analankhula ndi lilime lawo lolemera lija, mawu amene tinamva ife apafupi tokha.

“Sindinachite kanthu. Ngakhale kuyenda sindinayende.”

“Ndikudziwa, mayi,” anatero Magdalene. “Ndakuberekani ndine. Yasamulani.”

Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinangoona chibwano chikunjenjemera, kenako pakamwa panatseguka, monga amatsegulira mwana wodwala amene watopa kukana phala. Magdalene anaika mkate palilime. Achemwali anatafuna pang'onopang'ono, maso ali gwa kutsogolo, ndipo nkhope yawo inasintha ine ndikuona. Sindinena kuti inawala, sindinaone kuwala kulikonse. Koma makwinya a pamphumi, amene ndinawadziwa kuyambira tili ana, anamasuka. Ankaoneka ngati munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa pamalo pamene amayesa kuti sakumudziwa.

Ine amene ndinakulira m'tchalitchi, amene ndinamva za chisomo mpaka kumawodzera nazo, ndinachita mantha ngati ndalowa m'chipinda chimene sindinayenera kulowa ndi nsapato. Ndinazindikira kuti Mwini gome analipo, pabenchi lathu lomwelo, ndipo sanali kufunsa aliyense wa ife chimene wabwera nacho. Ndinkafuna kugwada, koma malo analibe.

Chikho chitabwera, a Morris sanazengerezenso, anachipereka kwa Magdalene. Iye anagwira mutu wa achemwali ndi dzanja limodzi, linalo n'kuwamwetsa. Vinyo wina anamezedwa, wina anatsikira kumbali yopotoka ya mlomo n'kudonthera pabulauzi. Achemwali sanayang'ane n'komwe. Maso awo anatsatira chikho pamene Magdalene ankachidutsitsa patsogolo pawo kuti andipatse ine, iye osamwako.

“Nanga iwe?” anafunsa.

“Ine lero ndangobwera kudzakuberekani.”

Sananene mokwiya, sananenenso modandaula. Achemwali analira pamenepo, kulira kwenikweni kwa mawu, ndipo palibe mkulu amene anawatontholetsa. Anafunafuna ndi dzanja lonjenjemera lija mpaka anapeza mkono wa Magdalene, n'kuugwira. Ine ndinalandira chikho m'manja mwa munthu wodulidwa, ndinamwa, ndinapatsira mnzanga.

Mapemphero atatha, anthu anatizungulira panja. Ena ankapereka moni kwa achemwali, ena ankangoyang'ana Magdalene osadziwa kuti amupatse moni wotani. A Morris anati akhoza kukapempha galimoto kwa mnzawo wina ku Mpingwe kuti itiperekeze. Ndinayamba kuthokoza, koma achemwali anapukusa mutu. Anayang'ana Magdalene n'kutukula dzanja lawo limodzilo m'mwamba, monga achitira mwana wofuna kunyamulidwa. Magdalene anagwada, ine ndinamanga nsalu.

Pobwerera dzuwa linali paliwombo, mumsewu mulibe anthu. Titadutsa masitolo otseka a ku Limbe n'kuyamba kutsetsereka, ndinaona kuti mutu wa achemwali wagona paphewa la Magdalene, duku litapendekeka, pakamwa pali yasa. Ndinathamangira kutsogolo, ndinaika dzanja pamphuno pawo. Ankapuma bwinobwino. Anali m'tulo, pamsewu, masana, kumsana kwa munthu.

Magdalene thukuta linkatsika m'khosi, mapazi ankaponda mwamphamvu kuposa m'mawa. Ndinamufunsa ngati tipume pamthunzi, ndinati mwina alemera.

“Alemeradi,” anatero, akukonza nsalu pachifuwa. “Popita ankalimbana kuti adzinyamule okha ali kumsana kwanga. Panopa adzisiya.”

Ndinati ndiye tiwatsitse pang'ono, apumule msana. Iye anakana, anati tikawatsitsa adzuka.